Tochi ya Mayi Warsiti

Kwathu kuno pachilumba cha Java, Mayi Warsiti atha zaka makumi awiri akusuzumira m'mitsuko ya eni ndi tochi, kusaka mphutsi za udzudzu. Ngakhale paukwati amazemba n'kukaunika kubafa.

Chaka chatha azaumoyo adawaitana kumsonkhano wokonza ndondomeko yolimbana ndi matenda a dengi, omwe amafala ndi udzudzu. Bwana wina adalalata ola lathunthu kuti ife akumudzi ndife auve.

"Pepanitu bwana, tibwerekeko maluwa anuwo," adatero mayiwo. Adasolola maluwa a patebulo n'kuunika m'botolo lake. Timphutsi tili piringupiringu!

"Kodi anawa kwawo ndi mudzi uti, bwana?"

Ndondomeko idalembedwanso, mayiwo atakhala kutsogolo. Masiku ano Lachisanu lililonse kuyendera kumayambira mu ofesi ya bwanayo, ndipo tochi amagwira yekha bwanayo.