Atelala ndi banki ya pafoni

Atelala ankasokera pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo anali mayi osakhulupirira chinthu asanachigwire. Nsalu ankaiyezanso ngakhale wogulitsa atayeza iwo akuona. Zipi yatsopano ankayamba aikoka uku ndi uku, kuopa kugula yakufa. Ntchito yawo yaikulu inali mayunifolomu a sukulu, ndipo akalandira malipiro ankavundikira makina, ulendo wa kubanki kukaima pamzere.

Chinkawadabwitsa n'chakuti akangosungitsa ndalama, m'mawa mwake alamu awo, mng'ono wa amuna awo, ankatulukira. Ankakhala pabenchi ya makasitomala, kuyamikira kasokedwe, kenaka n'kuyamba kudandaula: mwana wadwala, njinga yathyoka, eni nyumba akuvuta. Kukana kunali kovuta, poti munthuyo ankachita kuoneka kuti akudziwa.

Poyamba anakayikira mlonda wa pabanki, chifukwa moni wake unkachita kunyanya. Kenaka maganizo anagwera pa mtsikana wa pawindo, yemwe tsiku lina anawafunsa ngati bambo akunyumba ali bwino. Bambowo anawadziwira kuti? Atelala anasintha windo, anasintha tsiku, mpaka ankayenda njira yozungulira, koma alamu osaphonya.

Nkhaniyi anaiulula kwa anamwino ena, kasitomala wawo wakale, akuwayeza m'chiuno. Anamwinowo anaseka, nati iwo kubanki anasiya kalekale, zonse amachitira pafoni, ndipo sukulu ikhoza kumangotumiza malipiro osadutsa m'manja mwa munthu. Atelala anafunsa mafunso mpaka tepi kuiiwala m'khosi. Foni ikabedwa? Ikagwera m'madzi? Nanga amene anapanga zimenezi amadya chiyani?

"Koma foni ilibe pakamwa, mayi," anatero anamwino.

Mawu amenewo ndi amene anawagonjetsa. Ulendo woyamba kulipira nsalu pafoni anaima pamaso pa wogulitsa, dzanja lina litaphimba nambala yachinsinsi, ndipo sanasunthe mpaka foni ya bamboyo italira. Atatuluka anabwereranso kukafunsa ngati zafikadi.

Malipiro otsatira analowa mwakachetechete, Atelala ali pamakina. Sanauze munthu. M'mawa mwake akutembenuka, alamu ali pabenchi.

Madzulo, bambo akunyumba akusita malaya awo a kuntchito, Atelala anawafunsa mosapita m'mbali ngati ndiwo amene amatulutsa za m'nyumba. Bambowo anaimika simbi, nati:

"Amake mwana, mayunifolomu mumawapachika pachingwe pakhonde, msewu wonse ukuona. Tsiku limene chingwe chayera, ndani sadziwa kuti mwapereka katundu?"

Atelala anawasinkhasinkha mawuwo. Zinamveka zoona, komabe zinatuluka msanga kwambiri, ngati yankho lokonzeratu. Mpaka pano sadziwa kuti akhulupirire chingwe kapena akayikire bambo, ndipo foni yawo imakhala m'kathumba kamene anasokera m'kati mwa diresi.

Kubanki sanabwererenso, poti anaona kukoma kosavundikira makina masana makasitomala akudikira. Alamu atabweranso ndi nkhani ya njinga, Atelala anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwachifundo. Kenaka anawapatsa singano, ulusi ndi mulu wa malaya opanda mabatani, nati akamaliza alandira kangachepe.

Alamu anasoka mpaka dzuwa kupendeka, akudzibaya zala n'kumang'ung'udza. Mabatani ena anapotoka, Atelala n'kuwasomola onse kuti abwereze. Mwezi wotsatira alamuwo anangodutsa kutsidya kwa msewu, n'kupereka moni wa dzanja.