Galasi lakuda la amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene mayi ananditumiza kwa amalume, a Lufeyo, amene ankawotcherera zitsulo pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mtunthama. Kusukulu ndinali ndisanapondeko, ndiye mayi anati bola ndikaphunzire ntchito yamanja.

Linali dzinja. Fodya anali atakhwima m'munda, koma mapaipi a malata oyendetsa moto m'mabalani owumitsiramo fodya anali obowokabowoka. Kapitawo ankabwera m'mawa uliwonse n'kunena kuti, "Lufeyo, fodya uyu akawolera m'munda, ntchito yako yathera pomwepo."

Galasi lakuda lotchingira maso linalipo limodzi lokha, lomangirira pakatoni ndi waya. Amalume anandipatsa ine.

"Gwira, mphwanga. Wophunzira ndiye amafuna kuona. Ine manjawa akudziwa kale njira."

Anayamba ndi chitsulo cha ngolo. "Ichi n'chokhuthala, umangokoka ndodo yowotcherera osaima. Koma lata ndi lamantha, ukalikoka choncho limabowoka. Kuboma amaliwotcherera ndi gasi, moto wake wofatsa. Ife tilibe. Ndiye umagunda n'kuchotsa, kugunda n'kuchotsa."

Pachitsulo chokhuthala ankatha kuyang'ana kumbali, dzanja likuyenda lokha. Palata sizinkatheka, chifukwa kadontho kalikonse kankafuna kuti aone pogunda. Ankatsinzina ndodo ikamayaka, koma moto uja umafulumira kuposa chikope. Ine kuseri kwa galasi ndinkangoona kanyenyezi kobiriwira, utsi wowawa ukundilowa m'mphuno, n'kumasangalala.

M'mawa ankadzuka maso atatupa, misozi ikungotsika, akuti muli mchenga. Akazi awo ankawaika timagawo ta mbatata ya kachewere m'zikope.

"Amalume, tengani galasi lero," ndinawauza tsiku lina.

"Walidziwa kale lata iwe? Khala chete, uziona."

Ndinakhala chete, ndinaona. Mapaipi anatha, fodya anatuluka bwino m'mabalani, ndipo chaka chisanathe ndinkalumikiza lata osalibowola. Amalume anayamba kuphonya mzere. Patapita zaka zochepa ankazindikira anthu ndi mawu okha, ndipo esiteti inapereka malo awo kwa ine. Malowo ndinawalandira.

Kulemba kumene mukuwerengaku ndinakuphunzira kusukulu ya kwacha imvi zitayamba kale, koma ana anga onse akula ndi ntchito ija. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti amalume sankadziwa zimene moto uja unkawachita. Tsopano ndagwira ndodo mpaka kukalamba, ndipo sindinakumanepo ndi wowotcherera amene sadziwa.