Dzino la Amalume

Chaka chimene ndinamaliza Sitandade Sikisi kumishoni, nkhondo ya azungu itatha kale, anthu akwathu kwa Mpama ankati ndamaliza maphunziro onse a padziko lapansi. Ine sindinkawatsutsa. Mnyamata wokhoza bwino anali ndi njira zitatu: kuseminale, kusukulu ya uphunzitsi, kapena kukaphunzira zachipatala.

Amayi ankalakalaka unsembe, koma ankaona okha kuti m'tchalitchi khosi langa linkapindikira kumbali yokhala atsikana. Choncho nkhani inatsala m'manja mwa amalume, alongo awo a amayi, eni mbumba. Iwo ankafuna zachipatala, ndipo chifukwa chake chinali jakisoni. Mankhwala akumwa ankati n'ngonamiza ana, mankhwala enieni ndi obaya. Ankafuna wobaya wawowawo pabanja.

Bambo anga anali mkamwini. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndiye pokambirana za ine iwo ankakhala chapatali n'kumasema mpini. Kamodzi kokha, tikuthyola nandolo kumunda, anandiuza motsitsa mawu: "Ukanakhala mphunzitsi, mwanawe. Umatha kum'fotokozera munthu chinthu osam'chititsa manyazi."

Ndinangoti ndamva. Mumtima ndinali nditavala kale chikhoti choyera. Ndinayamba kuyenda manja ali kumbuyo, n'kumayang'ana anthu m'maso ngati ndikuwerenga matenda awo. Mapapaya onse a kuseri kwa nyumba ndinawabaya ndi minga pophunzira jakisoni, mpaka amayi anayamba kudandaula za mbalame zachilendo. Atsikana popita kuchitsime ankanditcha adokotala, ine n'kumayankha mwaulemu wake, osadziwa kuti akundiseka.

Asisitere a kuchipatala cha mishoni anali ndi kachitidwe kawo. Asanamulembe mnyamata, ankayamba amuika m'mawa umodzi m'chipinda chotsukira mabala kuti aone mtima wake. Tsiku langa litafika, amalume anati andiperekeza. Anali ndi dzino lobooka limene linawavutitsa chilimwe chonse, koma analisunga dala kuti likazulidwe mwana wa mlongo wawo alipo. Panjira ankauza aliyense, ngakhale osafunsa. Bambo ankabwera m'mbuyo, atanyamula kamba wathu wa chinangwa.

M'chipindamo fungo la mankhwala linandilandira bwino, ndipo ndinaona kuti ntchitoyi ndi yanga ndithu. Amalume anakhala pampando, nayasamula. Asisitere anatenga chozulira mano n'kundiuza kuti ndigwire mutu wa wodwala, ndisausiye. Ndinaugwira monyadira. Kenaka dzino linalira kuti gwedee, magazi n'kutsikira pachibwano.

Za kutsogolo kwake ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinagwa chagada, mutu wa amalume ndisanausiye, moti mpando unapendekeka, beseni la madzi n'kutikhuthukira tonse awiri. Akuti asisitere anasiya wodwala ali kukamwa yasa, n'kuyamba kuthandiza adokotala.

Ndinatsitsimuka panja, pansi pa mtengo wa bulugama. Wina ankandikupiza ndi chipewa chakutha, ndipo chipewacho ndinachizindikira kuti n'cha bambo. Anthu odikira mankhwala anali atatizungulira. Gogo wina wa bala pamwendo anandifunsa mwachifundo ngati ndikudwala khunyu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso, ndipo ndinatsekanso maso kuti azingoyesa sindinadzuke.

Amalume anatuluka tsaya litatupa, malaya ali chinyowere, thonje lili m'kamwa. Anaima pamutu panga nalankhula chibwibwi, koma aliyense anamva.

"Alamu, tengani mwana wanuyu. Kwathu kulibe wokomoka ndi magazi, ife timapha nkhumba tokha. Ameneyu ndi wanu basi. Muone nokha kokam'ponya."

Anatembenuka n'kuuyamba ulendo wobwerera, dzanja lili patsaya.

Chipewa chija chinaleka kukupiza. Ndinatsegula diso limodzi, ndikuyembekeza kuona nkhope ya munthu wonyozedwa pagulu. Ndinapeza bambo akumwetulira, mano onse pamtunda, maso ali ndi misozi. Chikwatire pamudzi paja anali atalima minda ya eni, kumanga nkhokwe za eni, kulera ana amene mwambo unkati si awo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawauzapo mawu ngati amenewo.

Anawerama n'kundinong'oneza: "Wamva, mwanawe? Akuti ndiwe wanga."

Mvula isanagwe ndinapita kusukulu ya uphunzitsi. Bokosi langa lathabwa ananyamula ndi bambo pamutu mpaka pamsewu wa basi, ndipo sanalole kuti wina awalandire. Ndaphunzitsa ana mpaka tsitsi kuyera, ndipo mwana akadzicheka chala m'kalasi ndinkatuma mnzake kuti akam'mange, ine ndikuyang'ana pawindo. Amalume mpaka imfa yawo ankauza alendo kuti ndine mwana wa mlamu wawo. Bambo akamva zimenezo ankasiya kusema mpini, n'kusendeza mpando wawo pafupi.