Kalata Yondithokoza Ndinailemba Ndekha

Ndinayamba kuphunzitsa ku Katuli, nthawi imene anthu ankathawa nkhondo ya ku Mozambiki. Ana anachuluka mpaka kalasi yanga inasamukira pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkaphunzitsa m'Chichewa, iwo nkumayankha m'Chiyao, ena osayankha nkomwe. Ntchitoyo inandikwana. Mlamu wanga ankandiitana kwa Mponda kuti tizikagulitsa usipa, ndipo mumtima ndinali nditavomera kale kuti teremu ikatha ndisiya choko.

Amene ankandigwetsa ulesi kwambiri anali mtsikana wina wa othawa nkhondo, wamtali kuposa anzake onse. Ankakhala kumbuyo, mpango kumutu, maso pansi. Ndikamufunsa funso, zii. Ndikamupatsa choko, ankangochigwira ngati dzira. Ndikamuyang'ana ndinkaona kuti ndikungotaya nthawi yanga.

Kumeneko ntchito ya mphunzitsi sinkathera kusukulu. Loweruka anthu osadziwa kulemba ankabwera pakhonde panga kuti ndiwalembere makalata, ambiri ofunsa za abale amene anasiyana nawo pothawa. Iwo ankalankhula, ine nkumalemba. Ndikatha ndinkawawerengera, kenaka ndinkapaka inki pachala chawo kuti adinde.

Nkhondo itatha, magalimoto obweza anthu kwawo atayamba kufika, mayi ake a mtsikana uja anabwera naye Loweruka lina. Anakhala pamkeka natulutsa pepala ndi envelopu zogula okha.

"Ikupita kwa ndani?" ndinafunsa.

"Lembani kaye, aphunzitsi," anatero mayiwo. "Munene kuti tinabwera kuno manja lende. Mwana wanga anasiya kulankhula ndi anthu tsiku limene bambo ake anatengedwa. Inu simunamumenye chifukwa chokhala chete. Simunamuthamangitse pansi pa mango paja."

Ndinaimitsa bolopeni. "Mayi, kodi kalatayi ndi yanga?"

"Nanga ya ndani? Alipo wina wolemba kuno?"

"Koma mwandiuza kale, ndamva."

"Za pakamwa muiwala mawa. Ife tikupita, sitidzabweranso. Lembani basi."

Ndinalemba, thukuta lili kamukamu. Kudzitamanda ndi dzanja lako lomwe ndi ntchito yochititsa manyazi. Ndinayesa kudumpha mawu ena, koma powawerengera anandigwira. "Ndinatinso Mulungu akupatseni moyo wautali. Zimenezo mwazisiya kuti?" Ndinazibwezeramo.

Nditatha ndinatambasula dzanja kuti ndipake inki pachala chawo. Mayiwo anabweza chala nayang'ana mwana wawo. Mtsikanayo anatenga bolopeni m'manja mwanga, nagwada, naika pepala pa mpando. Anatenga nthawi, lilime lili panja. Analemba dzina la mayi ake, pansi pake dzina lake, kenaka "Zikomo aphunzitsi". Zilembo zinali zokhotakhota koma panalibe cholakwika. Aka kanali koyamba kumuona akulemba.

"Kunyumba amalemba pansi ndi kamtengo, bwalo lonse," anatero mayi ake. "Timachita kusowa poponda."

Anapinda kalatayo okha, naiika mu envelopu, namata ndi malovu. Kenaka anandipatsa ndi manja awiri ngati yachokera kutali. "Sikomo kwejinji," anathokoza m'Chiyao, nanyamuka. Ine ndinalephera ngakhale kuwafunira ulendo wabwino.

Kwa Mponda sindinapite. Mlamu wanga anandinena kuti ndine wopusa, ndipo iye ndiye anayamba kumanga nyumba ya malata. Ine ndinakhalabe ndi choko mpaka kupuma pantchito.

Kalatayo ndikadali nayo. Mkazi wanga akaiona amaseka, amati sanaonepo munthu wina wodzilembera yekha kalata yomuthokoza. Ndimamusiya aseke. Masiku amene ana anandibowa ndinkaitulutsa, ndipo ngakhale lero ndimaitulutsa. Zolemba zangazo sindiziwerenga, ndimathamangira m'munsi. Ngati anakafika bwino kwawo sindinamve. Chimene ndikudziwa ndi chakuti anawoloka malire akutha kulemba dzina la mayi ake.