Kathumba ka Mkati mwa Yunifolomu

Ntchito ya kusaluni sindinachite kuifunafuna ayi. Ndinabwera ku Dubai kudzalera ana a eni ake ku Mirdif, nditasiya zidzukulu zanga zitatu ku Chilinde ndi mayi wawo, mwana wanga Esinta. Patatha zaka ziwiri mabwana anga anasamuka, ine n'kutsala ndi masiku owerengeka oti ndipeze pogwira kapena ndikwere ndege. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi, mayi wina wa ku Chipata, Amake Taonga, anandigwira paphewa n'kufunsa amene anandiluka. Ndinati ndimadziluka ndekha pagalasi. Anandizungulira kawiri, kenako anati kusaluni kwawo ku Jumeirah Village Circle akufuna munthu wodziwa tsitsi lathuli. Sindinathokoze msanga. Munthu akandichitira zabwino kunja kuno, ndimayamba ndadzifunsa kuti iye apindulapo chiyani.

Kwathu ndinaluka anthu pakhonde zaka zoposa makumi awiri popanda wondifunsa pepala. Kuno manja okha sakwanira. Mwini saluniyo, amene tonse timangowatchula kuti Madamu, ananditumiza kukosi yaukhondo, komwe mtsikana wamsinkhu wa Esinta ankandiphunzitsa kusamba m'manja. Ndinalemba mayeso, ndinakayezetsa magazi ndi chifuwa, kenako ndinalandira satifiketi ndi kakhadi kokhala ndi chithunzi changa. Kakhadiko kamatha chaka chilichonse, ndipo pokatenga kena pamafunika siginecha ya abwana. Popanda iko sugwira mutu wa munthu, ndipo ukasiya kugwira mitu ya anthu viza nayo sikhalitsa.

Lamulo la zida linali lomveka. Kasitomala akadzuka pampando, chipeso, sizasi, makilipi ndi singano zosokera wivi uzitsuke ndi bulashi ndi sopo, uziviike mphindi khumi m'mankhwala abuluu, uziumitse, n'kukaziika m'makina ophera tizilombo omwe ali m'kachipinda kakumbuyo. Zikatuluka umazitsekera m'kapepala komata, ndipo kapepalako umakang'amba kasitomala wotsatira akuona.

Vuto langa linali kachipindako. Tinalipo akazi asanu ndi awiri, aliyense ndi dziko lake, ndipo zida za tonse zinkasakanikirana m'thireyi imodzi. Ine ndinali ndi zanga zochokera kwathu: chipeso chamchira wachitsulo, sizasi yomwe sinadulepo china kupatula tsitsi ndi ulusi, ndi singano zinayi zokhota. Sabata yoyamba yomweyo singano imodzi inasowa. Nditafunsa, aliyense anati sakudziwa. Chinanso, chipeso chimanyamula tsitsi la munthu, ndipo ine ndinaleredwa kuti tsitsi sulisiya poti dzanja lililonse lifikepo. Basi, ndinasokerera kathumba mkati mwa yunifolomu. M'makina ndinkaikamo zida za saluni kuti anthu aone, koma zogwirira ntchito zinkatuluka m'kathumba. Kasitomala akachoka ndinkazipukuta ndi sipiriti kuchimbudzi, ndipo m'mawa uliwonse ku Hor Al Anz komwe ndimagona, ogona nawo chipinda akapita kuntchito, ndinkaziwiritsa m'ketulo yanga yomwe ndinkaikiyira m'sutikesi. Ndinachita zimenezi pafupifupi chaka, osauza munthu.

Woyendera masaluni anabwera Lachiwiri cha m'ma leveni koloko, kakhadi kanga katatsala milungu inayi kuti kathe. Anali mayi wovala abaya, mkanjo wautali wa amayi achiluya, wolankhula motsitsa. Ine ndinali pamutu pa mayi wina wa ku Kenya. Mizere ndinali nditaluka kale, ndikusokerera wivi pamzere wachitatu. Woyenderayo anaona makhadi athu, madeti a pamabotolo, matawulo, mpaka zikhadabo zathu. Zonse zinali bwino. Anali atatembenuka kale kuti azipita pamene ulusi unafika pothera, dzanja langa n'kulowa lokha m'kathumba kukatenga sizasi.

Woyenderayo anacheuka n'kundifunsa kumene sizasiyo yachokera. Amake Taonga, omwe ankaluka pampando woyandikana ndi wanga, ananong'ona osatukula mutu.

"Ambuya, kambani kuti mwaitola pansi, mufuna kuipeleka kumbuyo."

Ndinawayang'ana. Ndinaganiza kuti ndikanama bodza lawo, mawa adzakhala ndi pondigwirira. Ndinakhuthula kathumba konse patebulo, n'kufotokoza za ketulo m'Chingelezi changa chothyokathyoka. Woyendera uja anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mama, mwina mumawiritsadi," anatero. "Koma makina aja ndingathe kuwayeza. Ketulo yanuyo ndiiyeza bwanji?"

Analembera saluni chenjezo, nati adzabweranso osanena tsiku. Kasitomala uja anapempha kuti amumalize munthu wina. M'moyo wanga wonse ndi mutu wokhawo umene ndinausiyira pakati.

Madamu sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandiitanira kumbuyo n'kutseka chitseko.

"Khalas, basi, Mama. Kuyambira lero simugwiranso mutu wa munthu. Za siginecha ndiganize kaye."

Milungu itatu ndinali wopinda matawulo ndi kusesa tsitsi loluka anzanga. Anandibwezanso kukosi yaukhondo, kwa mtsikana yemwe uja, amene anandizindikira. Kusaluni Madamu anayamba kupisa m'matumba mwa aliyense m'mawa, ndipo anzanga onse ankadziwa amene wawapalamulira zimenezo. Ndikalowa m'kachipinda kakumbuyo nkhani inkatha. Nkhomaliro ndinkadyera pamasitepe akuseri, pomwe pamatuluka mpweya wotentha wa makina oziziritsa nyumba. Amake Taonga anandilankhula kamodzi kokha, akudutsa ndi thireyi, kuti amene anandibweretsa ndi iwo, tsono dzina loipa pamaso pa Madamu ndi lawo.

Esinta akaimba ndinkamuuza kuti zonse zili bwino. Lamlungu lina mdzukulu wanga wamkulu anabweretsa mutu wake pafoni kuti ndione mmene aneba amulukira. Mizere inali yokhotakhota, ndipo pamphumi anamukoka kwambiri moti khungu linachita timatuza. Ndinati wachena. Foni itadulidwa ndinakhala pabedi langa lapansi pa mabedi osanjikiza aja, katani yotseka, ndikuganiza kuti mwina mwezi wamawa ndidzakhala ndikumuluka ndekha pakhonde, sukulu yake itaima.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi, Madamu anandiitana anzanga onse alipo. Fomu ya kakhadi inali pakauntala, cholembera pamwamba pake. Anandipatsa lezala n'kunena kuti ndisosole kathumba kaja pomwepo. Ndinasosola, ulusi umodziumodzi, chifukwa ndinali nditasoka molimba. Kenako anati nditenge zida zanga, ndizitsuke, ndiziviike, ndikaziike ndekha m'thireyi ya onse. Mphindi khumi za mankhwala abuluu zinatalika tsiku limenelo. Palibe anakhala pansi. Nditatseka chitseko cha makina, Madamu anasaina, nati, "Yalla, tiyeni, Mama, kasitomala wa thu koloko ndi wanu."

Woyendera uja anabweradi patapita masiku. Anaona kakhadi katsopano, anaona ndikung'amba kapepala pamaso pa kasitomala, n'kupitirira.

Musaganize kuti ndinasintha mtima. Zida zanga ndinazipaka kadontho ka kyutekisi wofiira, ndipo zikakhala m'makina tiyi ndimamwera chiimire pakhomo la kachipindako. Singano ija sinapezeke mpaka lero, ndipo ndili ndi amene ndimamuganizira. Koma chimene ndinatolapo n'chakuti mayi wokhala pampando wanga sandidziwa, sadziwa Chilinde, ndipo wandipatsa mutu wake ali chofulatira, ine nditagwira singano. Alibe chifukwa chondikhulupirira. Ndikanakhala ine pampandopo, munthu n'kundiuza kuti anawiritsa kwawo m'mawa popanda womuona, ndikanadzuka tsitsi lili pakati n'kumapita.