Kachipinda ka Tadala

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha chitseko. Amalume anga anali alonda pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo kanyumba kawo ka pageti kanali ndi chitseko chokhula pansi. Tsiku lina nditawapititsira nyemba za kalongonda kuchokera kwathu kwa Khwethemule, chitsekocho chinanditopetsa. Ndinachizula, n'kuchisenga ndi chikwanje, n'kuchibwezera. A Khomeliwa, folomani wa ku woshopu ya matabwa, anadutsa pomwepo pa njinga. Anaima, natsegula ndi kutseka chitseko chija, kenako anandifunsa ngati ndimadana ndi matabwa kapena ndangosowa puleni yopalira. Ndinati puleni sindinaigwirepo chibadwire. Anati ndibwere Lolemba. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali a mabwana okhaokha, ndipo ine sukulu inali itandikana pa fomu thuu.

Anandilemba ngati wongogwirizira, osati wokhazikika. Pa esiteti aliyense amadziwa mapeto a munthu wotere: mvula ikatha, tiyi akachepa m'minda, ndiye amayamba kubwezedwa kumudzi. A Khomeliwa sanandibisire. Anati kukayamba kuzizira bwana adzawafunsa ngati ndili wofunika, ndipo iwo sanama. Ine kumudzi sindinkafuna kubwerera n'komwe. Kamunda kathu kanali kakang'ono, ana tinalipo ambiri, ndipo woshopu ija ndinaikonda kuyambira tsiku loyamba, ndi fungo lake la paini ndi guluu.

Tinkakonza ngolo za thirakitala zonyamula masamba, mafelemu a mawindo a nyumba za antchito m'malayini ndi mabenchi a pa sikelo yoyezera tiyi. Wantchito kapena mwana wake akamwalira, bokosi linkachokeranso kwa ife. Miyezi yoyambayo ntchito yanga inali sandipepa, kunola matchizulo, ndi kuwongola misomali yakale pa chidutswa cha njanji. A Khomeliwa kuyamikira sankakudziwa. Ukapala thabwa bwino ankangoliyendetsa chala n'kuchokapo. Ukalakwitsa ankayamba Chilomwe chokhachokha, ndipo pamenepo unkadziwa kuti zako zada.

Kutayamba kuzizira kunabwera a Matiki, kalaliki wa pa sikelo, akuzungulirazungulira ngati munthu wodzapempha mchere. Mwana wawo wamkazi, Tadala, wa sitandade folo, anagwa mu mtengo wa magwafa n'kuthyoka fupa la ntchafu. Anali m'chipatala cha mishoni, mwendo atawukoka ndi chingwe, ndipo anauzidwa kuti akhalitsa. Kunyumba anali ndi gemu ya pa TV imene amalume ake anamubweretsera kuchokera ku Joni. A Matiki anati mwanayo sakulirira kunyumba, sakulirira anzake, akulirira kachipinda kena ka m'gemumo. Ndiye amafunsa ngati n'kotheka kumupangira kachipindako ndi matabwa, kakang'ono, koti aziyang'ana ali chigonere.

"Ine ndine wa matabwa, si wa zidole," anatero a Khomeliwa. Kenako anandiloza ndi mlomo. "Mupatseni uyu. Tione ngati maso ake amaona."

Anandilola kugwiritsa ntchito zidutswa zotsala, pa nthawi ya nkhomaliro ndi tikaweruka. Sananene kuti ndi mayeso, koma ndinadziwa.

Lamlungu ndinapita ku malayini a makalaliki, komwe kunali magetsi. Amake Tadala ankagwira ntchito ku nazale ya tiyi, choncho mkati mwa sabata amene ankadikirira mwanayo kuchipatala anali mng'ono wawo. Mayiwo ndi amene anandiyatsira gemuyo, chifukwa bambowo ankaopa ngakhale kukhudza mabatani. Anandipatsa tiyi ndi chinangwa, nandiseka kuti ndatsegula pakamwa ngati ndaona ndege. Ndinali ndisanaonepo chinthu chotere. Panali kamunthu ka mutu waukulu koyenda m'nkhalango ndi m'mapanga, koma gemuyo inkayambira m'kachipinda kake: bedi pakona, tebulo lozungulira, timiphika m'mbali mwa khoma, kapeti, ndi malo osonkhapo moto ngati a m'nyumba za mabwana. Ndinaika pepala pa galasi la TV, linamatirira lokha, ndipo ndinalondola mizere yonse ndi pensulo.

Vuto linali lakuti chipindacho unkachiona uli pamwamba, ngati buluzi ali pa mtanda wa denga. Denga kunalibe, khoma lakutsogolo kunalibe, ndipo kumbuyo kwa zinthu sikunkaoneka. Zambiri ndinangoganizira. Muyeso wanga unali kamunthu kaja. Ndinayamba kusema iko, kotalika ngati chala changa chapakati, ndipo china chilichonse ndinayezera pamenepo: bedi litalike kuposa iko pang'ono, tebulo lilekeze m'chiuno mwake.

Makoma ndinadula ku pulayiwudi ya mabokosi akale otumizira tiyi kunja. Sowo yaikulu imanyotsola pulayiwudi yopyapyala, ndiye ndinkayamba ndalemba mzere ndi lezala, kenako n'kudula ndi kasowo ka zitsulo. Makona ndinkayeza ndi sikweya, kupaka guluu, n'kukhoma ndi timisomali todula mitu. Pansi ndinalembapo timabwalo ta makona anayi ndi nsonga ya tchizulo, monga zinalili pa TV, ndipo m'malo mwa penti ndinawiritsa tiyi wa fumbi mpaka atada bii n'kumapaka mobwerezabwereza. Timiphika ndinapanga ndi nthambi za tiyi, chifukwa inali nyengo yodulira ndipo zinali mbwee m'minda. Mtengo wa tiyi ndi wolimba, sung'aluka msanga. Ndinkapana kachidutswa pa dirilo ya manja, dirilo n'kuimanga pa vayisi yopanira zinthu, dzanja lina likupukusa lina likugwira fayilo yopalira. Moto unali kapepala kofiira ka switi. Kutsogolo ndi pamwamba ndinaikapo magalasi a windo losweka, oyenda m'timizere, kuti mwana azitha kutsegula n'kulowetsa dzanja.

Abale, sindinasangalalepo ndi ntchito ngati masiku amenewo. Ndinkaiwala ndi njala yomwe.

Kenako ndinaganiza kuti munthu wogona chagada achiika pati chinthuchi. Ndinapala thabwa lalitali lodutsa bedi la kuchipatala, la miyendo yopinda, ndipo kachipindako ndinakamangirira pamenepo, pambali pake n'kuwonjezera kabokosi kosungiramo tizinthu. Zonse pamodzi zinakhala chinthu chimodzi chachitali ndithu, chopapatiza.

A Matiki anali a Seveni Dee, ndipo ankafuna chifike kunyumba Lachisanu Sabata lisanalowe, kuti mawa lake popita kukaona mwana anyamule. Lachisanulo kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja ndi nkhungu yoti mnzako sumuona ali pafupi. A Khomeliwa anapita ndi lole kukakonza mlatho mbali ina ya esiteti. Vanishi anali asanaumitsitse, ndipo ndinaopa kuti pulasitiki imatirira. Mu kabati munali mpukutu wa nsalu yoyera imene tinkayala m'mabokosi a maliro. Ine ndinangoona kuti ndi yofewa komanso yaukhondo. Ndinadulako, n'kuphimba bwinobwino, n'kumanga chopingasa pa kaliyala wa njinga ya amalume. Kukwera ndinaopa mabampu, choncho ndinangoikankha pang'onopang'ono.

Msewu wochokera ku woshopu umadutsa pakati pa minda. Amuna odulira tiyi atandiona anasiya zikwanje, navula zipewa. Amayi othyola anatsitsa madengu awo. Ine, mutu uli pa timiphika tanga, ndinkangowapatsa moni, n'kumadabwa kuti anthu lero azizidwa bwanji mpaka kuyankhira pansi. Kapitawo wina anandiyandikira nafunsa motsitsa mawu kuti ndi kwa yani.

"Kwa a Matiki," ndinayankha. "N'cha mwana wawo uja ali kuchipatalayu."

Anangoika manja kumbuyo n'kuwerama. Msewu umakhotakhota potsata mapiri, koma uthenga unadutsa njira zachidule za m'tiyi.

Kulira ndinakumva ndisanaone nyumba. Pamsewu anali ataika kale masamba. Anyamata ankatulutsa mipando m'nyumba ya a Matiki, amayi akukhamukira pakhonde. Ndinaganiza kuti Tadala watisiya ndipo ndachedwa nacho chidole chake. Kenako ndinaona amake akuchokera ku nazale, matope thupi lonse, duku litagwa, amayi awiri atawagwira m'manja. Maso awo sanali pa ine. Anali pa kaliyala. Anaitana dzina la mwana wawo akuyang'ana nsalu ija, ndipo pamenepo m'pamene ndinaona zimene aliyense anali ataona kuyambira ku woshopu.

Mfundo za chingwe zinandikanika kumasula. Ndinangoing'amba nsaluyo. Mkatimo kamunthu kaja kanali chiimire pafupi ndi tebulo lake.

Wina anayamba kuseka, nasiya msanga. Amake Tadala anakhala pansi m'matope momwemo, nayang'ana kwa nthawi yaitali.

"Chichotse pano," anatero, mawu atasasa. "Wandiliritsa mwana ali moyo."

Amayi achikulire anayamba kunena kuti zimenezi ndi malodza, kuti ndamuitanira mwana imfa. A Matiki anafika akuthamanga kuchokera pa sikelo, napitirira ku ofesi kukapempha foni ya patebulo. Anabwerako ndi uthenga wakuti Tadala ali bwinobwino, akudya nthochi. Ine sanandiyang'ane. Ndinabwerera ku woshopu ndikukankha njinga, chinthu chili poyera, kamvula kakugwera pa galasi. Ndinkadziwa kuti Lolemba ndidzakhala ndili kwa Khwethemule, ndipo kunena zoona ndinalira m'njira.

A Khomeliwa anabwera masana atazimva kale pageti. Chilomwe chimene analankhula tsiku limenelo sindingachibwereze. Atatopa anakhala pa benchi, napukuta galasi ndi mkono wa ovolosi, nasuzumira. Anatsegula, natola kamphika kamodzi, nakatembenuzatembenuza, nandifunsa kuti ndinakazunguza ndi chiyani popeza makina tinalibe. Ndinawauza za dirilo. Anangoti ndisenze pamutu, osati pa njinga, ndipo ndisaphimbe ndi kanthu.

Tinadzera msewu womwe uja, iwo patsogolo. Paliponse pamene panali anthu ankaima n'kuwaitana kuti adzaone chimene chinadutsa m'mawa. Ena ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ena ankandinena kuti mutu wanga ndi wa thabwa. Ndinavomera zonse. Tinafika kwa a Matiki dzuwa lisanalowe. A Khomeliwa, mkulu wa imvi, ananjuta pakhomo, chipewa m'manja, nanena kuti wolakwa ndi iwo.

"Mwanayu ndamuphunzitsa kuyeza, koma kunyamula sindinamuphunzitse. Pepani, mayi."

Amake Tadala anati chinthucho m'nyumba mwawo sichigona. Ngati tikufuna, tikachipereke tokha kuchipatala Lamlungu, iwo akakhala komweko.

Ndinapita ndekha, pa matola, nditachifungata pamiyendo. Tadala ndinamupeza ataonda, mwendo uli m'mwamba, kathumba ka mchenga kakulendewera kumapazi kwa bedi. Ndinatambasula miyendo ya thabwa lija n'kuliika modutsa pamimba pake. Anayang'ana osaphethira. Chinthu choyamba chimene ananena n'chakuti timiphika ndaika mbali yolakwika, ndipo anatisuntha yekha. Kenako anatola kamunthu kaja, nakagoneka pa bedi, nakafunditsa. Anauza amake kuti m'gemumo ukavulala kwambiri umabwerera m'chipindamu n'kugona, ndipo podzuka umakhala utachira. Amake anatembenukira kuwindo kwa kanthawi. Atacheuka anandiuza kuti, achimwene, mwendo umodzi wa thabwalo ukumudinda mwanayu m'nthiti, tausunthani. Mawu akuti achimwene amenewo ndinawamva mpaka m'mafupa.

Lolemba ndinapita ku woshopu osadziwa ngati ndikukagwira ntchito kapena kukatsanzika. A Khomeliwa anati bwana anawafunsa, ndipo amuuza kuti nditsala. Kenako anamasula kiyi wa kabati ya nsalu ija pa lamba wawo n'kundipatsa, ati pa woshopu yonse palibenso wina amene angaisamale kuposa ine tsopano. Tadala anachira, anabwerera kusukulu akutsimphina pang'ono, ndipo kachipinda kake kanalowa m'nyumba limodzi ndi mwini wake.

Ndinakhala pa esiteti paja zaka zambiri, zabwino ndithu, ndipo kabati ija ndinaitsegula kangapo pa ntchito yake yeniyeni. Lero ndili ndi kashedi kanga ku Bvumbwe. Anyamata anga ndimawaphunzitsa kuti ntchito sithera pa vanishi, imathera pakhomo pa mwini wake, ndipo njira yonse yapakatipo anthu amakhala akuwerenga chimene wanyamula. Pa shedi yanga palibe chimene chimatuluka chitaphimbidwa ndi nsalu. Kukakhala mvula timakuta ndi pulasitiki yoonekera mkati. Makasitomala ena amadandaula kuti anthu awaonera katundu, ndipo ine ndimawauza kuti asiyeni aone. M'misewu yathuyi mumayenda anthu ambiri amene asiya mwana kuchipatala.