Gitala ya Achimwene Zuze mu Mgolo

Fungo la vanishi limandibwezerabe kwathu kwa Tengani, chilimwe chija achimwene anga a Zuze anabwera ndi gitala kuchokera ku Nchalo, komwe ankadula nzimbe. Inali yofiirira, yonyezimira, yopepuka ngati chikho, ndipo ukasuzumira pabowo lake munkatuluka kafungo ka guluu ndi utuchi. Kuyambira tsiku limenelo mtendere unatha pakhomo. Gitala inkagona pamphasa yatsopano, ife ana pachiguduli, ndipo ukangoikhudza ndi chala khofi linali lako.

Akwaya a kutchalitchi kwathu anali atavomera kuti achimwene adzaimbe nawo pa Khirisimasi, koyamba m'moyo wawo kuimirira kutsogolo kwa mpingo. Ndiye m'mawa nyimbo yomweyo, madzulo nyimbo yomweyo, mpaka nkhuku kusamukira kwa aneba. Ine ndinatopa nayo, sindibisa.

Koma dzuwa la kuchigwa silidziwa za kwaya. Malata ankalira okha masana, nthaka inkaotcha mapazi, mbuzi zili wefuwefu pansi pa nkhokwe ya mapira. Tsiku lina thabwa lapamwamba linang'aluka pafupi ndi pomangirira nsambo, gitala n'kuyamba kulira ngati njuchi ya m'botolo. Achimwene sanadye. Kutacha anakwera njinga kupita ku Bangula kukasaka guluu.

Bambo athu anali munthu wa mwadiya, bwato lathu la pa Shire, ndipo mankhwala a mtengo ankadziwa amodzi okha: madzi. Mpini wa khasu ukagwedera, m'madzi. Mtondo ukang'aluka, m'madzi. Mwadiya ukayamba kuchucha, ankaumiza padooko mpaka mng'alu utatsekeka wokha. Ndiye sanafunse munthu. Ndinawaona akubwerezabwereza ulendo wa kumjigo, ndowa ili paphewa, thukuta kamukamu, mpaka mgolo wa kuseri kwa nyumba utadzaza. Anaviikamo gitala yonse, n'kuikapo mwala pamwamba. Mwala, abale, ati kuti isayandame!

Amayi atayamba kudandaula, bambo anangoti, "Mtengo ndi mtengo basi. Umwe madzi, utupe, mwana aimbe."

Achimwene anagona kwa amalume ku Bangula, n'kufika mawa lake ndi kabotolo ka guluu m'thumba. Atachotsa mwala uja, mayo ine! Gitala inali itasendeka ngati anyezi. Chomwe ife tinkachiyesa thabwa limodzi chinali timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi, ndipo guluu wake anali atasanduka phala. Timatabwa tija tinkayandama tokhatokha, topiringizika, vanishi atayera mbuu. Chinatsala ndi khosi lokha, chifukwa ndi lokhalo linali mtengo weniweni.

"Baba, mwandipha," anatero achimwene.

Bambo anatola kachidutswa kamodzi, kukatembenuza, kukapinda ndi zala ziwiri. "Ndiye anthu amamata mapepala n'kumagulitsa kuti ndi mtengo?"

Pa Khirisimasi kwaya inaimba ndi ng'oma ndi zisekese. Achimwene anakhala benchi yomaliza, manja ali pakati pa mawondo, ndipo chaka chisanathe anabwerera ku Nchalo. Gitala sanaigwirenso. Ine ndinawasungira bambo mkwiyo nthawi yaitali, poti mumtima mwanga ndinkati anachita dala kuti phokoso lithe.

Lero mwana wanga ali ndi gitala ya timatabwa tonga tija, ndipo ndimachita kumukalipira akaisiya padzuwa kapena pafupi ndi ndowa. Ndikakumbukira mwala uja mtima umandipsabe. Koma bambo atamwalira tinapeza khosi la gitala lija kudenga, litapakidwa mafuta, litamangidwa pamodzi ndi nkhafi yawo yopalasira. Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira ndowa ija. Moyo wanga wonse sindinawaonepo bambo akutunga madzi, kupatula tsiku limenelo.